Chimene chimaletsa ndege zazikulu kutera ku Chipata

Mwambo wa Nc'wala ukamayandikira kumapeto kwa February, akuluakulu a ku Mtenguleni amakonda kundifunsa kuti: "Inu oyendetsa ndege, bwanji osabweretsa ndege yaikulu ku Chipata kuno, kuti alendo a Inkosi ya Makosi Mpezeni asamafike atatopa ndi msewu wa ku Lusaka?"

Yankho lake lili mu mpweya. Mapiko amanyamula ndege pokankhira mpweya pansi, ndipo injini nayo imadya mpweya womwewo. Chipata ili pamalo okwera mamita oposa 1,000, kumene mpweya ndi wopepuka kale, ndiye dzuwa la mu October likawomba umapepukiratu. Ndege imayenera kuthamanga mtunda wautali isanadzuke. Bwalo likakhala lalifupi, chotsala n'kuchepetsa anthu, katundu kapena mafuta. Tikamayeza chikwama chanu pa sikelo, mayi, si nkhanza ayi. Tikuwerengera kuti tidutse bwino mapiri ozungulira tauni ino. N'chifukwa chakenso timakonda kunyamuka m'mawa kukadali kozizira, makamaka m'dzinja mitambo ya mabingu isanasonkhane.

Akale athu pa ntchitoyi ankazidziwa izi. Mu 1932, ndege za Imperial Airways zochokera ku London kupita ku Cape Town zinkatera ku Mpika ndi ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, ife a ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, n'kutisiya pambali. Central African Airways, yomwe inayamba mu 1946, inkafikira madera akutali ndi tindege ta Beaver ta ku Canada, ta injini imodzi, totha kudzuka pa bwalo lalifupi la fumbi.

Taonani Mfuwe. Kuchigwa kuja kumatentha kuposa kuno, koma bwalo lake, lomangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndi la phula ndipo limapitirira makilomita 2. Ndege za Proflight zimaterako chifukwa alendo okaona nyama ku Luangwa amabwera miyezi yambiri pa chaka.

Pamenepa mpamene mtima wanga umawawa. Bwalo lalitali limadya ndalama zambiri, ndipo mwambo wa kamodzi pa chaka sungalilipire pawokha. Koma tili ndi amalonda a pa malire a Mwami, odwala ofunika kufika msanga ku Lusaka, ndi ogula fodya ndi mtedza. Popempha bwalolo, awa ndiwo tiyenera kuwawerenga poyamba.