Akakolo a msilikali wodumpha m'ndege

Msilikali akamatsika ndi parachuti, pomwe pali ngozi yaikulu ndi pofika pansi. Thupi lonse limatera pa mapazi awiri. Phazi likaponda pamalo osasalaza n'kupindikira mkati, mitsempha yakunja kwa kakolo imatamuka kapena kung'ambika. Uku ndiye kubinya, ndipo nthawi zina fupa lenilenilo limathyoka.

M'zaka za m'ma 1990, kusukulu yophunzitsa kudumpha m'ndege ya ku Fort Benning, m'boma la Georgia ku America, anayamba kuyesa chomangira cha pulasitiki chovala kunja kwa jombo. Chimalola phazi kupita mmwamba ndi pansi monga mwa masiku onse, koma chimalikaniza kupindikira m'mbali. Ofufuza atayerekeza ovala ndi osavala, anapeza kuti kuvulala kwa akakolo kunatsika ndi pafupifupi theka. Panali mantha akuti chomangiracho chizikola zingwe za parachuti kapena kusamutsira ngozi ku bondo, koma kafukufuku sanatsimikize zimenezo.

Kwa ovulala kale kwambiri nkhani yake ndi ina. Asilikali ambiri a ku America anabwera kuchokera ku Iraq ndi Afghanistan miyendo itaphwanyidwa ndi mabomba. Madokotala ankaipulumutsa, koma ululu wake unali wosapiririka moti ena ankapempha okha kuti ingodulidwa. Ku Center for the Intrepid, mumzinda wa San Antonio, katswiri wopanga miyendo yochita kuika, Ryan Blanck, anapanga chomangira chotchedwa IDEO. Chili ndi timitengo ta carbon fibre kumbuyo kwa katumba, timene timapindika munthu akaponda n'kumukankhira kutsogolo akamanyamula phazi, kwinaku kulemera kwa thupi kukudutsa pambali pa kakolo wovulalayo. Ena amene ankayendera ndodo anayambanso kuthamanga, ena mpaka anabwerera ku ntchito.

Chimene ambiri amachiphonya n'chakuti asilikaliwa sankangopatsidwa chomangira n'kuuzidwa kuti azipita. Ankachita mafizo amphamvu kwa milungu ingapo. Mafizo ndi ofunikanso kwa wongobinya chabe: kakolo amene anabinyapo sachedwa kubinyanso, chifukwa mwendo umakhala utaiwala kudzitchinjiriza wokha, ndipo chimene chimaukumbutsa ndi masewera olimbitsa minofu ndi kuphunzira kuima ndi mwendo umodzi.

N'chifukwa chake ndimada nkhawa ndi msilikali amene amamanga jombo mwamphamvu kuti abise kutupa, poopa kuoneka wofooka pamaso pa anzake. Wotereyo akufunika kuonedwa ndi dokotala asanasenzenso chikwama.