Kang'oma ka Jazi ndi Chikopa cha Mbuzi

Alimi anzanga a ku Madisi, kodi munamvapo anyamata akuimba jazi pa msika, nyengo ya malonda a fodya? Zida zao n'zochepa ndithu: banjo ya chigubu cha mafuta, ng'oma imodzi yogona pansi yoponda ndi phazi, kang'oma kena kakang'ono, ndi zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya zimene zilira kuti tse-tse-tse. Basi. Munthu mmodzi amanga zonsezi pa njinga napita nazo ku ukwati ku Bowe kapena ku Mponela.

Musazipeputse. Malemu Alan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu Jazz anamveka pa wailesi dziko lonse lino ndi zida zotere. A Madalitso Band a ku Lilongwe anakaimba ku Zanzibar m'chaka cha 2017 ndi ng'oma yogunda ndi chidendene.

Koma ine monga mlangizi, chimene chindidandaulitsa ndi chikopa. Mau a ng'oma achokera pa chikopa, ndipo ambiri a inu muchiononga tsiku lomwe mwapha mbuzi. Posenda, mpeni ungoyamba njira. Kwinako kankhani ndi nkhonya kuti chisabooke. Palani mafuta onse. Musachikhomere pansi padzuwa, pakuti chiuma kunja m'kati chikali chachiwisi, ndipo tsiku lina chidzang'ambika gule ali pakati. Chitambasuleni ndi zingwe pa mitengo inai, pamthunzi popita mphepo. Chotere ogula zikopa achifuna, oimbanso achifuna.

Ng'oma ikalefuka ndi chinyontho cha dzinja, iwambeni pa moto pang'onopang'ono, chapatali, mukuiyesa ndi chala.