Ogulitsa Mabuku ku Kwekwe, Tauni ya Golide

Kwekwe ndi tauni imene inakula chifukwa cha golide. Migodi ya Gaika ndi Globe and Phoenix inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1890, ndipo nyumba, masitolo ndi njanji zinabwera pambuyo pake. Pafupi pomwepo pali Redcliff, kumene fakitale ya zitsulo ya Ziscosteel inkalemba anthu zikwizikwi isanazime mu 2008. Kummwera kuli Gweru, Shurugwi ndi Zvishavane. M'makomboni a migodi imeneyi munadzaza a kwathu ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete, ena odzera ku Mthandizi, ena oyenda okha wapansi. Adzukulu awo akadali komweko ku Mbizo, ku Amaveni ndi ku Torwood, ndipo gule wamkulu akuvinidwabe.

Mukafunsa za ntchito za kuderali, anthu amatchula okumba, oomba miyala, okonza makina ndi makorokoza, anyamata amene amalowa okha m'maenje akale kufunafuna timiyala totsala. Wogulitsa mabuku satchulidwa kawirikawiri, chonsecho ambiri amene amakonda kuwerenga m'matauni amenewa anayambira kwa iye.

Malo ake a ntchito ndi pakhonde la sitolo, pafupi ndi pokwerera mabasi kapena m'mphepete mwa msika. M'mamawa amayala pulasitiki pansi, n'kutulutsa mabuku m'makatoni, n'kuwandandalika chikuto chili m'mwamba. Katundu wake wambiri ndi wa kaunjika. Amagula kwa ana amene amaliza mayeso, kwa mabanja amene akusamuka, kwa amasiye amene atsala ndi mabuku a malemu, ndipo ena amakapikula ku Harare kapena ku Bulawayo, popeza Kwekwe ili pafupifupi pakati pa mizinda iwiriyi. Adani ake ndi mvula, fumbi, chiswe cha kumene amasunga makatoni, ndi apolisi a khonsolo amene amathamangitsa ochita malonda m'misewu. Ndi mmisirinso: buku lothothoka masamba amalisoka ndi ulusi, msana wake amaumata ndi guluu, chikuto chikang'ambika amachikuta ndi pepala lolimba.

Chimene chimamudyetsa ndi mabuku a sukulu. Mu Januwale makolo amabwera ndi ndandanda m'manja kufuna masamu, sayansi ndi mabuku amene bungwe la mayeso la ZIMSEC lasankha chaka chimenecho. Ndalama ya lendi ndi ya ufa imachokera pamenepa. Koma luso lake lenileni limaonekera kumbali ina ya pulasitiki ija, kumene kuli nkhani zopeka, mbiri za anthu otchuka, mabuku a zachipembedzo, a ulimi, a zaumoyo ndi a kakonzedwe ka galimoto, onse osakanikirana.

Wogulitsa wodziwa ntchito sadikira kuti wogula atchule dzina la buku, pakuti ambiri sabwera ndi dzina. Amabwera ndi chilakolako chabe. Wina amati akufuna nkhani ya apolisi ndi akuba, wina ya chikondi, wina akufuna kudziwa mmene nkhondo ya ufulu inayendera. Iye amakumbukira amene anagula chiyani mwezi watha. “Mwamaliza lija, bambo? Ndiye yesani ili, mudzandiuza.” Mnyamata amene wayamba ndi James Hadley Chase amamupatsa mabuku a Pacesetters, amene nkhani zake zimathamanga chimodzimodzi koma zimachitikira m'mizinda ya mu Africa muno. Akaona kuti wazolowera, amamuika m'manja Waiting for the Rain la Charles Mungoshi, la mu 1975, kenako The House of Hunger la Dambudzo Marechera, limene linapata mphoto ya Guardian mu 1979. Mtsikana amene anayambira pa Mills & Boon amafika pa Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, la mu 1988. Ndipo sangaiwale mwana wa m'chigawo chomwechi cha Midlands, Chenjerai Hove wa ku Mazvihwa kufupi ndi Zvishavane, amene buku lake Bones linalandira mphoto ya Noma mu 1989. Ogulitsa ambiri amalolanso kusinthana: mukabweza buku limene mwawerenga n'kuwonjezera kandalama pang'ono, mumatenga lina. Motero buku limodzi limazungulira komboni yonse mpaka litatheratu.

Ntchito imeneyi ndimailemekeza kwambiri. Mphunzitsi amakupatsa buku chifukwa lili pa silabasi, pamene munthu uyu amakupatsa chifukwa wakuyang'ana, wakumvetsera, ndipo waganiza kuti likukuyenera.

Pali mbali ina imene sindingaiyamikire. Chuma cha Zimbabwe chitagwa, makamaka mu 2008 pamene ndalama inkatha mphamvu usiku umodzi, mabuku enieni anakwera mtengo ndipo m'misewu munadzaza ofotokopa. Kholo limene liyenera kusankha pakati pa buku ndi chakudya limagula lofotokopalo, ndipo n'zomveka. Koma wolemba salandirapo kanthu, wosindikiza amaluza, ndipo mapeto ake mabuku atsopano amachepa. Wogulitsa amene amadzaza tebulo lake ndi zofotokopa akudula nthambi imene wakhalapo.

Kumbuyo kwa wogulitsa kuli antchito ena amene wowerenga sawaona. Ku Gweru kuli Mambo Press, imene amishoni a Katolika anayambitsa mu 1958. Akonzi, otchera zilembo ndi omanga mabuku a kumeneko anatulutsa nkhani ndi ndakatulo zambiri za Chishona ndi Chindebele, zina mogwirizana ndi Literature Bureau ya boma, komanso nyuzipepala ya Moto, imene boma la Ian Smith linaletsa mu 1974. Bungwe la Literature Bureau lija linatsekedwa mu 1999, ndipo olemba m'ziyankhulo zamakolo anataya khomo lalikulu. Kulinso oyang'anira malaibulale a m'tauni ndi a m'sukulu, amene ambiri amagwira ntchito ndi mabuku akale opatsidwa ndi akufuna kwabwino. Kumadzulo kwa Kwekwe, m'boma la Nkayi, bungwe la Rural Libraries and Resources Development Programme linayamba m'zaka za m'ma 1990 kuyendetsa mabuku pa ngolo zokokedwa ndi abulu, kuti afike kusukulu kumene galimoto sizifika.

Lero foni yalowererapo. Achinyamata amatumizirana mabuku pa WhatsApp, ndipo olemba ena atsopano amatulutsa nkhani zawo momwemo, chigawo ndi chigawo. Foni imakupatsa chimene wapempha. Koma amene sadziwa choti apemphe amafunabe munthu womulozera.

Buku limodzi ndikanakonda likanapezeka pa pulasitiki iliyonse ku Kwekwe. Ndi Chibaro la Charles van Onselen, la mu 1976, lofotokoza moyo wa antchito akuda m'migodi ya Southern Rhodesia kuyambira 1900 mpaka 1933: chakudya chochepa, matenda a m'makomboni, malipiro otsika, ndi njira zimene antchitowo ankazembera mabwana oipa. Ambiri mwa anthu a m'bukumo anali ochokera kumpoto kwa Zambezi. Mdzukulu wa mtchona akaliwerenga amamvetsa chifukwa chimene agogo ake sanabwerere kumudzi.

Apa ndi pamene pali kusowa kumene kumandipweteka. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa izo. M'mipingo ya CCAP ya sinodi ya Harare anthu amaimba ndi kupemphera m'Chichewa, ndipo Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndi limene lasunga chiyankhulochi cholembedwa m'nyumba zambiri. Koma munthu sangakule ndi buku limodzi lokha. Nthondo la Samuel Josiah Nthara, la mu 1933, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Kokha Mcheperawakalulu la E.J. Chadza, Njala Bwana la Willie Zingani, Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba: amenewa ku Lilongwe ndi ku Blantyre timawadziwa, koma mwana wa ku Amaveni amene agogo ake anachokera ku Dedza kapena ku Ntcheu akhoza kukula osamva n'komwe kuti alipo. Mlandu suli kwa wogulitsa, pakuti iye amagulitsa chimene chamufika.

Mabasi amanyamuka ku Blantyre ndi ku Lilongwe kudzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Nyamapanda mpaka ku Harare, atanyamula mpunga, usipa ndi zitenje. Osindikiza mabuku a ku Malawi, atsogoleri a mipingo, ndi inu nonse amene mumapita kukaona abale ku Midlands, ikaniponi mabuku a Chichewa m'katundu wanu. Ena mukapatse ana a pakhomo, ena mukasiye kwa wogulitsa wa pakhonde la sitolo, chifukwa iye ndi amene akudziwa woyenera kuwawerenga.