Antchito omwewo, utsogoleri wina

Kampani ikamalephera, chala chimathamangira kuloza antchito. Koma zomwe zidachitika mumzinda wa Fremont ku America zikusonyeza kuti nthawi zina vuto limakhala kwa akuluakulu.

Mu 1982, kampani ya General Motors idatseka fakitale yake ya galimoto mumzindawo. Anthu ankajomba, ena ankamwa mowa pantchito, ndipo galimoto zinkatuluka ndi zolakwika zambiri. Mu 1984 fakitaleyo idatsegulidwanso mogwirizana ndi Toyota, ndipo ambiri mwa olembedwa adali antchito akale omwe aja.

Chidasintha ndi luso la oyang'anira. Kale, kuimitsa makina kudali mlandu, choncho wantchito akaona cholakwika ankangokhala chete. Tsopano aliyense adaloledwa kukoka chingwe choitanira thandizo, ngakhale ntchito yonse iime. Kapitawo ankathamangira pamalopo kukathandiza, osati kukakalipa, kenako n'kufufuza gwero la vutolo pamodzi ndi wantchitoyo. Kumvetsera kotereku n'kovuta kwa bwana wozolowera kuopedwa.

Pasadapite nthawi yaitali, kujomba kudachepa kwambiri, ndipo galimoto za ku Fremont zidaposa za mafakitale ena a General Motors pa kapangidwe kabwino.