Zimene ndinaona madzulo a pa 11 September 2001

Ndinali mu Sitandade 5. Linali Lachiwiri, ndipo pochokera kotunga madzi ndinapeza anthu atadzaza pakhonde la aneba athu, okhawo amene anali ndi TV m'dera lathu. Onse anali chete. Pa kanemapo nyumba ziwiri zosanjikizana za World Trade Center ku New York zinkafuka utsi wakuda bii, kenako imodzi inagumuka mpaka pansi. Ine ndinkayesa filimu, kufikira nditaona amayi akupukuta misozi ndi chitenje.

Nkhaniyi ndinaimvetsa nditakula. Amuna 19 a gulu la al-Qaeda analanda ndege zinayi zonyamula anthu. Ziwiri anakaziwombetsa kunyumba zija, ina ku Pentagon, likulu la asilikali a America, ndipo yachinayi inagwera pamunda ku Pennsylvania, okwera atalimbana ndi zigawengazo. Anthu pafupifupi 3,000 anafa. Pa 7 October, pasanathe mwezi, America inayamba kuponya mabomba ku Afghanistan pofuna kuthana ndi gululo, nkhondo imene inatenga zaka pafupifupi 20.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti usiku umenewo palibe wamkulu amene anatifotokozera kanthu. Kwa milungu ingapo, ndikangomva kulira kwa ndege ndinkathamangira kunsi kwa bedi. Makolo anzanga, mwana akaona zoopsa pa TV kapena pa foni, khalani naye pansi mumuuze zoona m'mawu amene angamve.