MABUKU A WASHINGTON NDI PHUNZIRO KWA ANTHU A KU LUANGWA

Za George Washington, mtsogoleri woyamba wa dziko la America kuyambira 1789 kufikira 1797, zalembedwa m'mabuku ambiri. Buku la Mason Weems la 1800 linamtamanda monga munthu wopanda banga, ndipo mu 1806 Weems anaonjezamo nthano yakuti Washington ali mwana anaulula kwa atate wace kuti ndiye anatema mtengo wao. Akatswiri a mbiri akuti nthanoyo njopeka.

Cimene mabuku oyambawo sanasamale ndico akapolo. Pomwalira Washington mu 1799, pamunda wace wa Mount Vernon panali akapolo 317. Buku la Erica Dunbar la 2017, "Never Caught", lifotokoza za Ona Judge, mdzakazi wa mkazi wa Washington, amene anathawa mu 1796 osagwidwanso. Atakalamba, mu 1845, anasimba yekha mbiri yace kwa wolemba nyuzipepala.

Nkhaniyi ikhudzanso boma la Luangwa, limene kale linkachedwa Feira. M'dera limeneli Acikunda a Kanyemba anagwira akapolo m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880. Allen ndi Barbara Isaacman, polemba buku lao la 2004 lonena za Acikunda, anadalira kwambiri zokamba za nkhalamba za m'cigwa ca Zambezi.

Motero aphunzitsi ndi ana a sukulu ayenera kufunsa agogo ndi kulemba zimene amva. Nkhalamba ikamwalira osafunsidwa, maina a ogwidwawo ndi midzi yao apita nayo kumanda.