MABUKU A NDEGE YA VAMPIRE, NDI ZIMENE OLEMBA ACE SANAONE

Abale a m'migodi, munthu wocokera ku Bulawayo kuno kunka ku Harare akatsika pa Gweru angathe kuona ndege zakale za nkhondo zitaimikidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale za asilikari. Pakati pa izo pali kandege kakafupi, kotupa pamimba, ka micira iwiri. Dzina lace ndi Vampire. Iyi ndiyo ndege yoyamba ya mtundu wa jeti imene Boma la dziko lino linagula, ndipo Azungu alemba mabuku ambiri a mbiri yace. Ine kalaliki wanu ndifuna ndikuuzeniko za m'mabukumo, pakuti nkhani yace ikhudza ife a ku Malawi koposa m'mene olembawo aganizira.

Ciyambi cace cili ku England. Mnyamata wina wa m'gulu la ndege za nkhondo, dzina lace Frank Whittle, analembetsa ku Boma m'caka ca 1930 nzeru yace ya injini youlutsa ndege popanda pulopela. Akulu a Boma sanasamale msanga, ndipo Ajeremani anayamba ndiwo kuulutsa jeti pa 27 August 1939. Ndege ya injini ya Whittle inauluka pa 15 May 1941 ku Cranwell. Iye mwini analemba buku lace m'caka ca 1953, dzina lace Jet, ndipo m'menemo adandaula kwambiri za kusowa kwa ndalama ndi kuzengereza kwa akulu a m'maofesi. Munthu ali yense amene anadikirapo pa khomo la ofesi ndi pepala m'manja adzamumvetsa Mzungu ameneyu.

Jeti yoyamba ya Angerezi kulowa m'nkhondo inali Gloster Meteor, m'caka ca 1944. Vampire, imene inapangidwa ndi kampani ya de Havilland, inauluka koyamba pa 20 September 1943, koma nkhondo inatha iyo isanamenyeko, ndipo inayamba nchito m'caka ca 1946.

Magwiridwe a injini yace sadzakubvutani inu odziwa kompresa ndi mafani otumiza mphepo pansi pa mgodi. Kutsogolo kwa injini kuli gudumu lokoka mphepo ndi kuipanikiza. Mphepo yopanikizidwayo ilowa m'timiphika m'mene amwazamo palafini, ndipo moto uyaka osazima. Mpweya wotenthawo ufuna potulukira, ndipo potuluka kumbuyo ndi mphamvu ukankha ndege kunka kutsogolo. Usanatuluke uyamba wazunguza gudumu laciwiri, limene lili pa mtanda umodzi ndi loyamba lija, kotero injini idzikokera yokha mphepo yace. Injini ya Vampire, dzina lace Goblin, anaikonza Frank Halford. Mphamvu yace inali yocepa, ndipo akadaika mpope wautali wotulutsira mpweya, ina ikadatayika m'njira. Cifukwa cace anafupikitsa thupi la ndege, namangirira cipsepse pa micira iwiri, kuti moto udzipita pakati. Cina codabwitsa ndi ici: pamene pakhala woyendetsa anapanga ndi matabwa opyapyala omata ndi guluu. Kandege ka matabwa komweko kanali kuthamanga mamailosi oposa 500 pa ora, katanyamula mfuti zazikulu zinai kunsi kwa mphuno.

Wofuna zonse za makina awerenge buku la David Watkins la 1996, De Havilland Vampire: The Complete History. Ndege za mtundu uwu zinapangidwa 3,268, ndipo m'mwezi wa December 1945 Eric Brown anatera ndi imodzi pamwamba pa sitima ya pamadzi, jeti isanacitepo zotero. Mtundu wa FB9 anauikira makina oziziritsa woyendetsa cifukwa ca maiko otentha monga ano. Koma unalibe mpando woponya munthu kunja ndege ikapsa. Inu amene mutsika m'cikepe m'mawa uli wonse mudziwa mtima wa munthu wolowa m'cinthu copanda pothawira.

Tsono tibwere kwathu kuno. Bulawayo anazolowera ndege kale, pakuti pa nkhondo yaciwiri anyamata a ku England anali kuphunzira kuuluka ku Kumalo ndi ku Heany. Koma zija zinali za pulopela. Ma Vampire oyamba anafika ku New Sarum, pafupi ndi Salisbury, m'mwezi wa December 1953. Onse pamodzi Boma linagula 16 a mpando umodzi ndi 16 a mipando iwiri ophunzitsira. Taonani cakaco, abale. Ndico caka cimene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinayamba, anthu a kwathu atacikana kwa mtu wa galu. Za asilikari zinali m'manja mwa Boma la Citaganya, ndipo thumba la Bomalo linadalira kwambiri msonkho wa mkuwa wa ku Northern Rhodesia. Pamenepo mungathe kuona nokha amene anatuluka thukuta kuti ndegezi zimwe palafini. Mabuku a ndege achula mtengo ndi maina a oyendetsa, koma wokumba mwala mulibemo.

Ngakhale dzina lace silinakome. Vampire m'nthano za Azungu ndi cilombo coyamwa magazi a anthu usiku, monga anamapopa a kwathu. Masiku amenewo ku Northern Rhodesia kunali kale mphekesera za banyama, oba anthu ndi kuwakhetsa magazi. Amene anasankha dzinali ku England sanaganize za makutu a kuno.

M'caka ca 1954 gulu la ndegeli linalandira dzina la Royal Rhodesian Air Force, ndipo pambuyo pace majeti anakhazikika ku Thornhill, pa Gwelo, mamailosi ngati 100 kucokera kuno. M'caka ca 1958 anapita kukathandiza Angerezi ku Aden. Zonsezi Beryl Salt analongosola bwino m'buku lace lalikulu la 2001, A Pride of Eagles, lonena mbiri ya gululi kuyambira 1920 kufikira 1980.

Caka ca 1959 ndico cathu. Pa 3 March Bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, analengeza lamulo la nthawi ya cipolowe. Dr. Hastings Kamuzu Banda anagwidwa m'bandakuca, nakwezedwa ndege, natsekeredwa m'ndende ya ku Gwelo, mudzi womwewo wa majeti, kufikira April 1960. Ena ambiri a Congress anatsekeredwa ku Khami, pafupi ndi Bulawayo pompano. Ndege zonyamula katundu zinatutira asilikari a ku Southern Rhodesia ku Nyasaland, zina zinamwaza mapepala a Boma m'midzi, ndipo ma Vampire anauluka m'munsi kuti anthu aope. Ganizani za mai wa kumudzi amene sanaonepo ngakhale sitima ya pamtunda, ali kusinja, ndipo cinthu colira ngati mluzu wa ciwanda cingodutsa pamwamba pa nkhokwe.

Mabuku a oyendetsa ndege apyola msanga pa nkhani iyi, pakuti kwa iwo unali ulendo waufupi wopanda mdani wowaombera. Anena gulu limene linapita ndi nchito imene linagwira, basi. Sindinena kuti anama; munthu alemba cimene anaona, ndipo wokhala kumwamba saona nkhope. Kuti mumve za pansi muyenera kufuna buku lina, lipoti la woweruza Sir Patrick Devlin ndi anzace, limene linatuluka m'mwezi wa July 1959. M'menemo muli za anthu ngati 50 amene anaphedwa ndi asilikari ndi apolisi, 20 a iwo pa Nkhata Bay tsiku loyamba lomwelo. Awa anafa ndi mfuti za pansi, si ndege ai, ndipo tisasokoneze. Koma ndege ndi mfuti zinatumidwa ndi dzanja limodzi. Kwa ine, wowerenga Salt osawerenga Devlin wadya nsima yopanda ndiwo.

Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo majeti anatsala ku Southern Rhodesia, pamodzi ndi ma Hawker Hunter 12 amene anayamba kufika m'caka ca 1962. Malawi sanalandireko jeti. Ian Smith atadzilekanitsa ndi Britain m'caka ca 1965, zitsulo zosinthira zinabvuta kupeza, koma amakanika anasunga ndege zokalambazo, ndipo ma Vampire ena anacokera ku South Africa. Za nthawi imeneyo analemba Roy Nesbit ndi Dudley Cowderoy m'buku la Britain's Rebel Air Force la 1998, ndiponso Peter Petter-Bowyer, amene anali woyendetsa ndege iye mwini, m'buku la Winds of Destruction. Apa sikunali kuopseza cabe. M'mwezi wa November 1977 ma Vampire anali m'gulu la ndege zimene zinathira nkhondo msasa wa ZANLA ku Chimoio, ku Mozambique, ndipo anthu oposa 1,000 anafa, pakati pao akazi ndi ana. Bwalo la Thornhill tsopano lidziwika ndi dzina la Josiah Tungamirai, amene anali mmodzi wa akulu a ZANLA, nadzakhala mkulu wa ndege za nkhondo za Zimbabwe.

Mabuku onsewa ali m'Cingerezi, ndipo ena ndi okwera mtengo. Losabvuta kuyamba nalo ndi la Whittle. Koma ku Makokoba, ku Mpopoma ndi m'makomboni a migodi mukali agogo amene anali ana ku Nyasaland m'caka ca 1959, kapena amene atate ao anali ku Khami. Amene muli nao pafupi muwafunse cimene anaona ndi kumva, ndi mudzi umene anali, mulembe kalata kwa Mkonzi m'Cinyanja momwemu.